Gitala ya Kumanzere

Chimbalecho chinayamba chibwibwi Lachiwiri masana, pa nyimbo yachinayi, pamalo penipeni pomwe gitala imatsala yokha. Chinangoti te-te-te-te, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Tsabola, yemwe anali asanavule n'komwe yunifolomu, anaponya chikwama pansi n'kuipatsa wailesiyo chibakera pamutu. Kabati yonse inagwedezeka, makapu n'kugundana m'kati, sipika imodzi n'kusendera kukhoma. Anadina batani msangamsanga, chimbale n'kutuluka.

"Iwe, waswa chiyani kumeneko?" anafunsa amayi ake ali pa makina osokera pakhonde.

"Palibe."

"Palibe wakoyo ali ndi phokoso."

Dzina loti Tsabola anamupatsa ndi atate ake ali ndi zaka zinayi, tsiku lomwe analuma mnyamata wamkulu yemwe analanda mwana wina mpira. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Zoluma anali atasiya, koma mtima unali womwewo. Atate akewo anthu ankawatcha a Manzere chifukwa gitala ankaimba ndi dzanja lamanzere. Panali patatha zaka zitatu chimwalirireni. Anasiya wailesi ya masipika awiri ndi chimbale chimodzi, chokhacho chomwe bandi yawo inajambula. Pachikuto pake panali amuna asanu atatsamira khoma, ndipo kumbuyo kunali maina asanu.

Tsabola anachipendeketsa chimbalecho pa kuwala kwa pawindo. Chinali chitakalikakalika ngati kunsi kwa poto. Mantha anamugwira. Anaganiza kuti akapitiriza kuchiimba chitha ngati sopo, choncho anachikulunga m'kampango ka atate ake n'kuchibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Sanachiimbenso, ndipo wailesiyo inakhala chete masiku anayi.

Loweruka amayi ake anabwera kuchokera kogula ulusi ali ndi kaphukusi m'manja.

"Ndachipeza pa sitolo ya nyimbo ija," anatero. "Akuti achidindanso chaka chino. Nyimbo zake n'zomwezo. Ndiye usiye kuyenda m'nyumba muno ngati wafedwa kawiri."

Pachikuto chatsopanocho panalibe khoma, panalibe amuna asanu. Panali nkhope imodzi, ya mkulu wa bandi, yemwe ankatsogolera kuimba, chipewa chitapendekeka, mano onse ali pamtunda. Kumbuyo kunali mitu ya nyimbo basi. Tsabola anachitembenuza kawiri, anasolola kapepala ka m'kati, anayang'ana ngakhale m'mphepete momwe amalembamo tizilembo tosaoneka. Dzina la atate ake munalibe. La wang'oma munalibe, la wabesi ndi la walipenga chimodzimodzi.

Anachiika m'wailesi mano atalumana. Ng'oma zinalowa, besi inalowa, mawu a mkulu wa bandi analowa n'kudzaza pabalaza. Koma gitala ayi. Inkamveka patalitali, ngati wailesi ya anthu a nyumba yachitatu. Pa nyimbo yachinayi, pomwe atate ake ankatsala okha, panangokhala ngati chipinda chomwe asamutsamo katundu.

"Awachotsamo," anatero Tsabola.

"Usafulumire kukamwa."

"Mwamva nokha, amayi. Kapena makutu anga okha ndiwo abodza?"

Amayi ake nawonso anali atamva. Anabwerera pakhonde, koma panapita nthawi yaitali makina osalira.

Chomwe chinkamuwotcha Tsabola n'chakuti woimba ali ndi nkhope, ali ndi pakamwa, akhoza kudzinenera. Nanga wagitala akamwalira, amuyankhulira ndani? Munthu anapweteka zala zaka khumi ndi ziwiri, lero wina angomufufuta ngati choko pabolodi, anthu n'kumaombabe m'manja?

Mwayi unali pafupi. Lachisanu lotsatira kusukulu kunali tsiku la nyimbo, mlendo wolemekezeka anali mkulu wa bandi yemweyo, ndipo ophunzira anawalonjeza kuti adzafunsa mafunso. Tsabola anang'amba tsamba pakati pa kope la masamu n'kulemba zomwe adzanene pamaso pa holo yonse. Mawu oti wakuba analowamo kanayi. Koma ankadziwanso kuti mawu a mwana amapita ndi mphepo. Pankafunika wamkulu woikira umboni, ndipo wamkulu wa makutu odalirika m'dera lonselo anali mmodzi yekha.

Kashopu ka a Namawaya kanali kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza njinga. M'katimo munali mawailesi akufa osanjikizana mpaka kudenga, masipika ong'ambika, zitini za tizitsulo, ndi fungo la mtovu wosungunuka lomwe linkakhala m'zovala mpaka mawa. Mayiwa sanapondeko kusukulu ya zamagetsi. Anayamba ali kamtsikana, pomasula wailesi ya achimwene awo kuti aone anthu oyankhula m'katimo. Anakwapulidwa. Mawa lake anaimasulanso, n'kuimanga ikuyankhula bwino kuposa kale. Anthu ankati munthu akamabwera ndi wailesi ikulira, a Namawaya ankatchula matenda ake iye asanaitule pathebulo. Ndiwo ankalumikiza masipika masiku omwe bandi ya atate ake a Tsabola inkaimba m'maholo, ndipo ndiwonso anapemphedwa kudzalumikiza kusukulu Lachisanu.

Tsabola anafika Lolemba ataweruka.

"Mwana wa Manzere," anatero a Namawaya osadzutsa mutu. "Ndadziwira mapazi. Atate akonso ankayenda ngati akukamenya munthu, chikhalirecho akukagula nsambo za gitala."

Tsabola anaika zimbale ziwirizo pathebulo n'kufotokoza zonse osapuma. Pomaliza anatambasula tsamba lija n'kuliwerenga mokweza, osadumpha wakuba ngakhale mmodzi.

A Namawaya anaimika chitsulo chawo chowotcherera pa kambale, anavula magalasi ogwirira ntchito n'kuvala ena. Zala zawo zinali ndi timabala takale ta moto, koma zimbalezo anazigwira m'mphepete mokha, ngati mazira. Anayang'anitsa pafupi ndi kabowo ka pakati, pomwe pali timanambala.

"Zoona, sizinadindidwe pamodzi. Ichi n'chakale, ichi n'cha dzulodzuloli." Anapukusa mutu. "Ine ndakhala ndikuuza anthu zaka makumi awiri kuti zodinda zoyamba zimakoma kuposa zobwereza. Zoyamba zili ndi thupi, zobwereza n'zowonda. Funsa wometayo, watopa nazo."

"Ndatopa nazodi," anatero mawu kuseri kwa khoma la mapulanga.

Tsabola anasendera pafupi ndi thebulo. "Ndiye mudzandiikira umboni Lachisanu."

"Umboni wa chiyani? Ndamva chiyani ine?"

"Mwanena nokha kuti zobwereza n'zowonda."

"Ndanena zomwe ndimakhulupirira. Iwe ukufuna kutcha munthu wakuba pamaso pa ana mazanamazana. Mawu amenewo alibe batani lobwezera m'mbuyo. Tiyese kaye."

Anakankha katoni ya mawaya ndi phazi, anakoka mpando n'kuuyang'anitsa kukhoma, pakati pa masipika awo awiri oyesera. Anamukhazika pamenepo Tsabola, msana ku thebulo. Kenako anatola kachitsekerero ka botolo pansi.

"Tamva malamulo. Tiimba nyimbo yachiwiri, chifukwa pamenepo chakalechi sichinakalike. Ndiponya kachitsekerero aka. Kakagwa chagada ndiika chakale, kakagwa chafufumimba ndiika chatsopano. Iwe osatembenuka. Ukamva, unene kuti n'chiti. Kakhumi."

"Bwanji osangosankha nokha?"

"Chifukwa ine ndili mbali yako kale. Munthu wokondera, ngakhale atatseka pakamwa, dzanja lake limanong'oneza. Aka kalibe m'bale."

Kachitsekerero kanalira pathebulo. Chitseko cha makina chinatseguka n'kutsekeka. Ng'oma zinayamba, ndipo kuchokera kumanzere gitala inalowa yowala, yodumphadumpha, ngati munthu wotsika masitepe awiriawiri. Tsabola anapendeketsa mutu komweko. Panali patatha pafupifupi sabata asanawamve atate ake.

"Chakale," anatero.

Choko chinalira pathabwa. Kachitsekerero kanagwanso. Makina anatseguka, anatsekeka.

"Chakale."

Kachitatu, kachinayi, kachisanu, yankho linali lomwelo, ndipo ankalinena woimba asanamalize n'komwe mzere woyamba. Pofika kachisanu ndi chiwiri anayamba kuyenda pampando.

"Kodi mukungobwereza chimodzimodzi?"

"Ine sindiyankhula. Yankha."

"Gitala ilimo. Chakale."

Atakwanitsa khumi, a Namawaya anamuuza kuti atembenuke. Pathabwa panali mizere iwiri. Mzere wa mayankho ake unali ndi chakale kakhumi. Mzere wa kachitsekerero unali ndi chakale kanayi, chatsopano kasanu ndi kamodzi.

Tsabola anawerenga kuchokera pamwamba, anawerenganso kuchokera pansi.

"Mwandipusitsa," anatero. "Nanunso muli mbali yawo. Si ndinu mudzawalumikizire masipika Lachisanu?"

Kuseri kwa khoma makina ometera anasiya kulira. Mwana wina aliyense akanatuluka m'shopumo khutu lili m'manja mwa mwini shopu. Koma a Namawaya anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, anadzuka, n'kumuika kachitsekerero m'dzanja.

"Funso lako lili ndi mutu, ngakhale lilibe ulemu. Sunaone zomwe ndimaika, ndiye undikhulupirire chifukwa chiyani? Bwera uime pano. Makutu anga ndiwo unadzera, tawayesa."

Anakhala pampando uja, anayang'ana kukhoma, anavula magalasi n'kutsinzina. Tsabola anaponya kachitsekerero. Kanagwa chafufumimba. Anatenga chimbale chatsopano ndi dzanja lake lomwe, anayang'ana nkhope ya chipewa ija kuti asalakwitse, n'kuchiika.

Gitala inalowa kuchokera kumanzere, yowala, yodumphadumpha, yonse.

Tsabola anaima chilili choko chili m'manja. A Namawaya anamvetsera nthawi yaitali, mutu utapendekera mbali imodzi.

"Ichi chili ndi thupi," anatero. "Chakale."

Tsabola analemba. Kachiwiri kanagwa chagada. A Namawaya anakwinya mphuno. "Wamva kuwonda kwake? Chatsopano ichi." Analembanso. Sanafulumire mayiwa. Pena ankapempha kuti abwereze pomwe besi ikulowa, pena ankatukula chala ngati agwira kanthu m'mwamba. Pofika kakhumi, wometa anali ataima pakhomo limodzi ndi kasitomala wake, nsalu ili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi.

A Namawaya anatembenuka, anavala magalasi, n'kuwerenga thabwa. Analondola kasanu, anaphonya kasanu.

Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anavulanso magalasi kuti apukute misozi.

"Kasanu," anatero. "Kachitsekerero komweka kakanakhoza chimodzimodzi, komatu kalibe makutu. Wometa, lowa umve bwino, usadzati sindinanene. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukusokosa ndi nkhani ya thupi ndi kuwonda. Pa zimbale ziwiri izi, ndimanama. Makutu angawa amayamba awerenga chikuto."

"Mubwerezenso, ndiitane wanjingayo," anatero wometa.

"Ndibwereza mawa, lero zakwana. Pita ukamalize mutu wa munthuyo, akuoneka ngati munda wolima theka."

Wometa atachoka, a Namawaya anatembenukira kwa Tsabola. "Usandimve molakwa. Zilipo zimbale zomwe amazisintha akamadindanso, amakweza ichi n'kutsitsa icho. Zimenezo zimasiyanadi. Koma izi ziwiri ndi mapasa. Ndipo kuyambira lero, ndisanatsegule pakamwa, ndiziyamba ndakhala pampandopo."

Tsabola anali asanaonepo munthu wamkulu akuchita zotere. Ankadziwa aphunzitsi omwe akachonga molakwa ankanamizira cholembera. Ankadziwa akuluakulu omwe mwana akawapeza ndi cholakwa ankasintha nkhani n'kuyamba ya ulemu. Koma mayi awa, omwe makutu awo ankawadyetsa ndi kuwatchukitsa, anawaika okha pamuyeso, anagwa, n'kuitananso anthu kuti adzaone. Mkwiyo wake unasowa pogwira.

"Pepani pa zomwe ndinanena," anatero motsitsa. "Koma amayi, kunyumba gitala kulibe. Sindikunama. Amayi anganso anamva."

"Ndikukhulupirira. Chakalechi unachiimba liti komaliza?"

"Lachiwiri lapitali."

"Chibwerereni chatsopanochi, unaziimbapo motsatizana pa wailesi ya kwanu?"

"Ayi. Ndimaopa kuti chitha."

"Chimbale sichitha n'kuimba, mwanawe, si sopo. Chimatha ndi zala zathu. Ndiye iwe umayerekeza chatsopano cha m'makutu ndi chakale cha mumtima." Anadina batani, nyimbo yachiwiri n'kuyambanso. "Tamvera apa."

Anapisa dzanja kuseri kwa makina n'kusolola waya mmodzi. Pomwepo gitala inathawira ku nyumba yachitatu. Ng'oma zinatsala, besi inatsala, woimba anatsala. A Namawaya anamuyang'ana Tsabola.

"Ndi choncho?"

"Ndi choncho ndithu."

A Namawaya anabwezera wayayo, gitala n'kubwerera. "Atate ako ankaima kumanzere kwa anthu oonera. Gitala ya munthu wamanzere imaloza kwina, ndiye akaima pakati ankafuna kumukolowola diso woimba. Tsiku lojambula ndinalipo. Wojambulayo anati aliyense amveke mbali yomwe amaima. Gitala yonse ili mu sipika yakumanzere. Ya kwanu yafa, kapena waya wachoka. Kawirikawiri zimatero wina akaigwedeza wailesi."

Maso awo anatsikira pa dzanja lamanja la Tsabola. Tsabola analibisa kumbuyo.

"Mwina ndi mphaka," anatero a Namawaya.

"Tilibe mphaka."

"Ndikudziwa."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kasikuludiraiva ka chigwiriro chofiira. "Wailesi uyambe waizimitsa kukhoma. Waya wofiira pofiira, wakuda pakuda. Kasikuludiraivaka ndidzakafuna Lachisanu, ndipo kabwere ndi chigwiriro chake."

Kunyumba Tsabola anakoka kabati pang'onopang'ono. Kuseri kunali fumbi, kandodo ka maswiti, ndi waya wa sipika yakumanzere ukulendewera, timano take ta mkuwa tili yangayanga. Anaupota ndi zala monga anaonera, anaulowetsa, n'kumanga. Anaika chimbale chatsopano, nyimbo yachinayi.

Pakhonde makina anaima pakati pa msoko. Amayi ake anatulukira pakhomo mapini ali kukamwa. Anawachotsa limodzilimodzi, maso ali pa sipikayo, ndipo anamvetsera mpaka nyimbo inatha.

"Wawabweza bwanji?"

"Sanachoke, amayi. Ndine ndinawatseka pakamwa. Chibakera chija."

"Palibe uja?"

"Yemweyo."

Amayi ake anafuna kukalipa, koma chinatuluka ndi chiseko chonyowa. Anakhala pamkono wa mpando n'kunena kuti aibwereze.

Tsabola anatulutsa tsamba lija n'kuyamba kukhwatcha. Anakhwatcha wakuba woyamba, wachiwiri, onse anayi. Anakhwatcha zonse za gitala. Pansi penipeni panatsala mzere umodzi womwe cholembera chinakana kuukhudza.

"Ndiye nkhani yatha?" anafunsa amayi ake.

"Theka latha."

Lachisanu holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Kumbuyo, pa thebulo la mawaya, a Namawaya anali atakhala magalasi ali pamphuno. Tsabola anawapatsira kasikuludiraiva polowa, iwo anakayang'ana chigwiriro n'kugwedeza mutu.

Mkulu wa bandi anali wokalamba kuposa pachikuto. Chipewa chinali chomwecho, koma ankatsimphina pang'ono pokwera masitepe. Anaimba nyimbo ziwiri, ndipo kunena zoona mawu anali akadali nawo. Pambali pa nsanja panali katoni ya zimbale zatsopano zomwe anabwera nazo. Itakwana nthawi ya mafunso, wina anafunsa ngati amachita mantha pansanja, wina anafunsa kuti ali ndi zipewa zingati. Kenako Tsabola anaimirira. Aphunzitsi ake a kalasi, omwe ankamudziwa bwino, anagwira m'mutu.

"Ine ndine mwana wa a Manzere," anatero atalandira maikolofoni. Mawu anatuluka owongoka. "Ndinakonzeka kudzakunenezani zinthu ziwiri. Choyamba, ndimati munachotsa gitala ya atate anga m'chimbale chatsopanochi. Ndinauza amayi, ndinauza a Namawaya, ndinalemba papepala kuti ndinu wakuba. Tinayesa kakhumi, n'kuyesanso kakhumi. Ndinalakwa. Gitala ilimo yonse. Pepani."

M'holo munadutsa kaphokoso ngati mphepo m'mapepala. Mkulu wa bandi anali atasiya kumwetulira.

"Chachiwiri ndachiyesanso. Ndayang'ana kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati. Pachimbale chakale pali maina asanu. Pachatsopano pali limodzi. Anayi aja anapita kuti?"

Aphunzitsi aakulu anayamba kudzuka pampando, koma mkulu wa bandi anawaletsa ndi dzanja. Anavula chipewa. Kumutu kunali dazi lomwe pachikuto silinkaoneka.

"Osindikiza aja anati nkhope imodzi imakopa anthu kuposa..." Anaima. Anayang'ana m'chipewamo ngati mawu otsatira ali momwemo. "Ayi. Mwana wayamba ndi kuvomera chake, ine ndisayambe ndi kunamizira ena. Anandionetsa asanasindikize. Ndinaona chithunzi changa, ndinakondwa, kumbuyo sindinatembenuze n'komwe."

Anamuyang'anitsa Tsabola. "Ndiwe uja unkagona m'bokosi la gitala tikamayeserera? Unandilumapo chala."

"Akuti ndinkaluma olanda zinthu za ena okha," anayankha Tsabola.

Holo inaphulika ndi chiseko, ndipo mkuluyo anaseka nawo, ngakhale maso anali atafiira. Phokoso litatsika anatchula maina anayi aja pa maikolofoni, limodzilimodzi, aliyense ndi chida chake, n'kunena kuti podzadindanso adzabwerera pomwe anali. Kenako anakoka katoni ija, anakhala pansi m'mphepete mwa nsanja miyendo ikulendewera, n'kufunsa ngati pali yemwe ali ndi cholembera.

Tsabola anapita nacho chake, chomwe chija chinalemba wakuba kanayi. Mkuluyo anasolola chikuto choyamba n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, maina anayi. Anatenga chachiwiri. Katoniyo inali yodzaza.

Palibe anadziwa choyenera kuchita, kuomba m'manja kapena kudikira. Ndipo kumbuyo kwa holo a Namawaya anaika chimbale chatsopano m'makina, anadumphitsa mpaka nyimbo yachinayi, n'kupotokola kabatani kamodzi mpaka sipika yakumanja inati zii.

Gitala inatuluka yokha kuchokera kumanzere kwa nsanja, yowala, ikutsika masitepe awiriawiri. Mitu mazanamazana inatembenukira komweko, pomwe panalibe munthu, koma mpando wopanda kanthu ndi waya wopindidwa. Mkulu wa bandi anasiya kulemba, nayenso n'kuyang'ana kumeneko, monga ankachitira kale ikafika nthawi yoti akhale chete mnzake aimbe.

Tsabola anaima pambali pa katoni, manja ali otambasuka. Nyimbo itatha anatola chikuto chotsatira n'kumupatsira.